UMBONI WA NDARAMA KWA WOFUNA KUKHALITSA KU DZIKO LINA

Mwezi ndi mwezi anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje ali kunyamuka kupita ku maiko ena. Ambiri apita ku Joni kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Ena alowa m'Mozambique kudzera pa Marka, ndipo owerengeka, makamaka ophunzira ndi anamwino, aoloka nyanja kupita ku Britain. Kuyenda si mlandu, pakuti akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma ambiri mwa apaulendo amenewa akanizidwa chilolezo chokhalitsa, ndipo ena akhala kunjako mobisala ngati mbala, chifukwa analephera kuonetsa umboni wa ndarama zimene adzadyera kumeneko.

Tsono mwezi uno tifuna kulongosola nkhani imeneyi. Tipempha aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga kuti awerengere anzao pa bwalo, pa tchalitchi ndi pa mzikiti, kuti wina asagulitse ng'ombe zache pachabe.

Kale ndi lero

Azigogo athu ambiri anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, ena ku mapulazi a ku Southern Rhodesia ndi Mthandizi. Masiku amenewo munthu sanali kufunsidwa za ndarama zache. Amene anali kumlemba nchito ndiye anali kuyankha za ulendo, za chakudya, za pogona ndi za kubwerera kwache, ndipo gawo lina la malipiro anali kulisunga kuti akalandire atafika kuno kwathu.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa pa Francistown ku Botswana, nipha Amalawi 74 amene anali kubwerera kumudzi, ndipo Boma linaletsa kulemba anthu a ku migodi. Nchito imeneyi inayambanso mu 1977 m'dzina la Theba, koma inatheratu mu 1988. Kuyambira pamenepo munthu wopita ku Joni apita yekha. Palibenso kampani yomuyankhira pa chipata. Mafunso onse amene kale anali kuyankha a Wenela, lero ayenera kuyankha mwini wache, ndipo ayankha ndi mapepala.

Chifukwa ninji afunsa za ndarama?

Mlendo akafika m'mudzi kuti agone usiku umodzi, nyakwawa simfunsa zambiri. Koma akanena kuti afuna kumanga nyumba ndi kukhala zaka, nyakwawa ifunsa kumene wachokera, amene amdziwa, munda umene adzalima, ndi amene adzamsamala akadwala. Maiko achita chimodzimodzi. Boma liri lonse liopa zinthu zitatu: kuti mlendo angakhale mtolo pa zipatala ndi pa thandizo la Boma, kuti angayambe nchito imene sanaloledwe pofuna chakudya, ndi kuti angakane kubwerera kwao nthawi yache itatha.

Bwana wa Imigireshoni sakudziwani. Sanaone khola lanu, kapena munda wanu wa thonje, kapena nyumba yanu ya malata. Ali ndi mapepala okha amene mwaika pa tebulo pache. Chotero funso lache siliri lakuti, "Kodi munthu uyu ndi wolemera?" koma lakuti, "Kodi mapepala awa aonetsa ndarama zokwanira, zimene ziri zachedi, ndipo zidzapitirira kubwera?"

Kucheza ndi kukhala ndi zinthu ziwiri

Mmalawi wokhala ndi pasipoti aloledwa kulowa m'South Africa popanda viza kwa masiku 30. Masiku amenewa ndi ochezera. Sapatsa munthu ufulu wogwira nchito, kapena wophunzira, kapena wokhazikika. Malamulo amene anayamba kugwira nchito mu May 2014 ati munthu wopitiriza masiku ache alembedwe kuti ndi wosafunika m'dzikomo. Akapitiriza ndi masiku osaposa 30, aletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi. Akapitiriza ndi masiku oposa 30, aletsedwa kwa zaka 5. Amene agwidwa ali m'kati opanda mapepala atengedwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kukadikira kubwezedwa.

Malamulo omwewo atinso munthu amene analowa ngati wocheza sangasinthe chilolezo chache ali konko, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera, monga mkazi, mwamuna kapena mwana wa nzika ya dzikolo. Kwa ena onse, chilolezo chokhalitsa chiyenera kupemphedwa munthu asananyamuke, ku ofesi ya Kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Amene anena kuti, "Ndikakonza ndikafika," ali kudziika m'msampha.

Ndarama zimene South Africa ifuna

Zilolezo ziri zamitundu-mitundu, ndipo chiri chonse chiri ndi muyeso wache. Miyeso iyi inaikidwa mu 2014.

1. Wopita kukakhala ndi mbale. Mbale amene ali kukuitanani ayenera kukhala nzika ya South Africa kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika, ndipo aonetse kuti ali ndi R8,500 pa mwezi ya munthu ali yense amene amuitana. Mwana woitana atate ndi amai ache aonetse R17,000 pa mwezi. Chilolezochi sichiposa zaka 2 nthawi imodzi, ndipo pachokha sichilola kugwira nchito. Zindikirani kuti mwana wanu amene ali ku Joni wopanda mapepala sangakuitaneni mwa njira imeneyi, ngakhale atumiza ndarama mwezi uli wonse.

2. Wopuma pa nchito. Aonetse penshoni kapena chuma china chom'patsa R37,000 pa mwezi.

3. Wofuna kutsegula bizinesi. Aonetse R5 miliyoni zochokera kunja kwa dzikolo, zochitiridwa umboni ndi katswiri wowerengera chuma wovomerezeka, ndipo alonjeze kuti mwa anchito ache 100 ali onse, 60 adzakhala eni dziko kapena okhazikika. Muyeso umenewu uonetsa kuti kaokala kapena malo osokera zobvala sangapezetse munthu chilolezo chotere.

4. Wopita ku sukulu. Aonetse kalata wa sukulu yomlandira, ndarama zomsunga nthawi ya maphunziro, ndi inshuwalansi ya chipatala ya kampani yolembetsedwa m'South Africa.

5. Wopita ku nchito. Aonetse pangano la nchito losainidwa ndi iye ndi bwana wache, lonena malipiro, ndipo masatifiketi ache ayesedwe ndi bungwe la SAQA. Kuyambira mu October 2024 anayamba kuwerengera mapointi, ndipo wopempha afunika kufika 100. Maphunziro, zaka zimene munthu wagwira nchito ndi kukula kwa malipiro ndizo zipatsa mapointi ambiri.

M'chaka chomwecho cha 2024 anayambitsa chilolezo cha anthu ogwirira nchito makampani a kunja pa kompyuta, ndipo muyeso wache mu October unaikidwa pa ndarama zoposa R650,000 pa chaka.

Ku Britain ndi ku America

Ku Britain munthu woitana mkazi kapena mwamuna wache anali kufunsidwa malipiro a £18,600 pa chaka kuyambira mu 2012. Mu April 2024 muyeso unakwera kufika £29,000. Amene ali pa nchito aonetse mapepala a malipiro a miyezi 6, masitetimenti a ku banki a miyezi yomweyo, ndi kalata wa bwana wache, ndipo zitatuzi zigwirizane.

Wophunzira afunsidwa fizi ya chaka choyamba pamodzi ndi ndarama zodyera za miyezi 9. Mu January 2025 muyeso unali £1,136 pa mwezi kwa wophunzira kunja kwa London, ndiko kuti £10,224, ndi £1,483 pa mwezi kwa wa m'London, ndiko kuti £13,347. Unakweranso chaka chisanathe. Ndarama zimenezi ziyenera kugona m'banki masiku 28 otsatana, osatsika pa muyeso ngakhale tsiku limodzi. Munthu akatapako pa tsiku la 20 kuti agule chimanga, nabwezera m'mawa mwache, ayambenso kuwerenga masiku.

Ku America, mu August 2025, Malawi ndi Zambia anali maiko oyamba amene anthu ache ena opempha viza yocheza anauzidwa kuti asiye chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000, chobwezedwa munthu akatuluka pa nthawi yache. Izi zitiphunzitsa kuti anthu a dziko limodzi akamapitiriza masiku, chitseko chiuma kwa anzao onse obwera pambuyo.

Miyeso yotere isintha kawiri-kawiri. Musanagulitse kanthu, funsani muyeso wa chaka chimenecho ku ofesi ya Kazembe wa dziko limene mufuna kupitako. Safunsa anadya phula.

Ng'ombe si umboni

Apa ndi pamene anthu a m'chigwa chathu avutika koposa. Munthu wa ku Ngabu angakhale ndi ng'ombe 40 ndi mbuzi zodzaza khola, nakolola mabelo a thonje chaka ndi chaka, ndipo m'mudzi onse amdziwa kuti ndi mpondamatiki. Koma pamaso pa bwana wa Imigireshoni aoneka wosauka kuposa kalaliki wolandira malipiro ochepa pa Nchalo, chifukwa ndarama za kalaliki zidzera ku banki mwezi uli wonse ndipo zisiya mapazi, pamene za mwini ng'ombe zichoka m'manja kulowa m'thumba.

Mapepala amene alandiridwa ndi awa:

Sitetimenti ya ku banki. Ili ndilo pepala lalikulu koposa onse. Likhale ndi dzina lanu monga liri m'pasipoti, ndi chidindo cha banki. South Africa kawiri-kawiri ifuna ya miyezi 3 yapitayi, maiko ena miyezi 6.

Kapepala ka malipiro, kamene ambiri akatcha peyisilipi, pamodzi ndi kalata wa bwana wonena nchito yanu, tsiku limene munayamba ndi malipiro anu. Ndarama zolembedwa pa kapepalako zioneke zikulowa m'banki.

Kalata wa penshoni wochokera kumene mulandira.

Kwa wa bizinesi, satifiketi ya kulembetsa bizinesi, nambala ya msonkho ya ku MRA ndi malisiti a msonkho umene walipira.

Kwa wophunzira wothandizidwa, kalata wa Boma kapena wa bungwe limene limlipirira, wonena ndarama zache ndi zaka zache.

Kwa wothandizidwa ndi mbale, kalata wa lonjezo wa mbaleyo, mapepala a ndarama zache, ndi umboni wa chibale chanu, monga satifiketi ya kubadwa kapena ya ukwati. Ukwati wa malowolo ndi ukwati weniweni pa malamulo a dziko lathu, koma kunja afuna kuona satifiketi. Ulembetseni nthawi ikadalipo.

Zimene sizikwanira pazokha ndi izi: kalata wa mfumu wonena kuti muli ndi ziweto, buku la banki mkhonde, ndarama za m'manja zimene palibe pepala lonena kumene zachokera, ndi mau a pakamwa a mbale. Ndarama za pa foni, za Airtel Money kapena Mpamba, ndi bwino kuzisamutsira ku akaunti ya ku banki nthawi ndi nthawi, kuti zioneke pa sitetimenti.

Mlimi achite chiani?

Mlimi kapena woweta amene aganiza zotumiza mwana ku sukulu ya kunja, kapena zopita yekha, ayambe kukonzeka chaka chathunthu ulendo usanafike.

Poyamba atsegule akaunti m'dzina lache ndi chiphaso cha unzika. Zitupa zimenezi zinayamba kuperekedwa mu 2017, ndipo ayang'ane ngati dzina ndi tsiku lobadwa ziri chimodzimodzi pa chiphaso, pa pasipoti, pa masatifiketi a sukulu ndi ku banki. Kuno ambiri tiri ndi dzina la kumudzi, la ku sukulu ndi la ubatizo, ndipo ena maina ao analembedwa Chipwitikizi kwina, Chingerezi kwina. Chilembo chimodzi chosiyana chingachedwetse pempho miyezi.

Kachiwiri, akagulitsa thonje, chitowe, nandolo kapena ng'ombe, atenge lisiti kwa wogula, ndipo ndarama aziike ku banki tsiku lomwelo kapena m'mawa mwache, zonse monga ziri pa lisiti. Zofuna kugwiritsa nchito pakhomo azitape pambuyo. Potero lisiti ndi sitetimenti zichitirana umboni. Alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndi ku Phata asunge mapepala onse amene alandira pa nthawi ya malipiro, pakuti aonetsa ndarama zobwera chaka ndi chaka.

Kachitatu, popeza ndarama za mlimi zibwera nthawi yokolola yokha, sitetimenti ya miyezi 3 ingam'namizire umphawi. Apemphe ya miyezi 12, ndipo alembe kalata wamfupi wolongosola kuti iye ndi mlimi, mbeu zimene alima ndi miyezi imene agulitsa.

Pali chizolowezi china chimene chagwetsa ambiri. Munthu abwereka ndarama zambiri kwa anzache, naziika m'banki sabata imodzi asanapemphe viza, kuti akangotenga sitetimenti azibweze. Anthu a Imigireshoni aona masitetimenti mazana-mazana ndipo chinyengo chimenechi achidziwa. Akaunti imene inali ndi K20,000 miyezi yonse, ndipo mwadzidzidzi yalandira mamiliyoni, iwafunsitsa kumene ndaramazo zachokera. Ngati munagulitsadi ng'ombe kapena nyumba, onetsani pangano la malondawo. Ngati mulibe yankho, pempho likanidwa, ndipo ndarama zimene munalipira popempha sizibwezedwa.

Kwacha ndi ndarama za kunja

Miyeso yonse iri m'ndarama za dziko limene mupitako, pamene zanu ziri m'makwacha. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu November 2023 ndi 44 pa 100. Pa nthawi yachiwiriyi dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene anasunga K1,700,000 anagona ali ndi ndarama zokwana pafupi-fupi $1,440, nadzuka ali ndi $1,000, osatapako ngakhale tambala. Chifukwa chache musasunge ndarama zongofika pa muyeso. Onjezanipo zina, ndipo powerengera tsatani mtengo wa ku banki, osati wa osintha ndarama a m'misewu.

Chenjerani ndi madobadoba

Pafupi ndi maofesi a mapasipoti ndi pa zipata pali anthu amene alonjeza kukonzera munthu sitetimenti ya banki, kalata wa nchito kapena chidindo cha pa pasipoti. Ena alengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp. Maofesi a Akazembe angathe kufunsa ku banki kapena kwa bwana amene walembedwa pa kalata, ndipo bodza lioneka msanga. Ku Britain munthu wopezeka ndi mapepala onama aletsedwa kwa zaka 10. Kuno kwathu kupeka pepala la banki kapena chidindo cha Boma ndi mlandu wopita nawo ku ndende. Dobadoba adya ndarama zanu nakhala pa mtendere, pamene dzina loipitsidwa ndi lanu.

Chenjeraninso ndi amene anena kuti, "Simufunika ndarama kapena pepala liri lonse, tidzakulipirirani zonse." Amai ambiri a dziko lino anapita ku Oman atalonjezedwa nchito zabwino, nakapezeka ali m'nyumba za anthu, atalandidwa mapasipoti ndi kuzunzidwa, ndipo oposa 50 anachita kuomboledwa m'zaka za 2022 mpaka 2024. Wina akakulonjezani nchito kunja, pitani ndi pangano lache ku ofesi ya za nchito pa Boma musanapereke pasipoti yanu kwa munthu.

Alendo okhala pakati pathu

Musaganize kuti maiko enawo ali kutida ife tokha. Dziko lathu lifunsa zomwezo kwa alendo, potsata lamulo la Imigireshoni la 1964. Katswiri wa kunja wobwera kudzagwira nchito pa kampani, pa mishoni kapena m'bungwe afunika chilolezo cha nchito cha zaka 2, ndipo amene ampemphera ndi bwana wache. Wofuna kuchita malonda afunika chilolezo cha bizinesi cha zaka 5, ndipo aonetse ndarama zimene wabwera nazo kudzera ku banki. Wofuna kukhazikika aonetse chimene chidzamsunga.

Kuno ku malire, kumene mabanja ambiri ali mbali zonse ziwiri, tiyenera kukumbuka kuti kapepala kodutsira pa chipata ndi kochezera ndi kogulira malonda chabe. Sikapatsa munthu ufulu wokhala zaka, kaya ndi mnzathu wa ku Mutarara wokhala kuno, kaya ndi ife tikakhala uko. Amene anakwatira kapena kukwatiwa kutsidya afunse ku ofesi ya Imigireshoni za chilolezo choyenera, pakuti tsiku la mlandu, la maliro kapena la kugawa chuma cha masiye, funso loyamba lidzakhala la mapepala.

Sungani mapepala pouma

Madzi osefukira a mu January 2015, namondwe Ana mu January 2022 ndi namondwe Freddy mu March 2023 anakokolola nyumba zambiri m'chigwa muno, ndipo pamodzi ndi nyumbazo panapita ziphaso, masatifiketi ndi malisiti. Ng'ombe ingagulidwenso, koma lisiti la malonda a zaka zitatu zapitazo silipezekanso. Mangani mapepala anu m'pulasitiki, muwaike m'chitini chotseka bwino pamwamba, pamalo pamene mungachitenge msanga usiku. Jambulani pepala liri lonse pa foni, ndipo makope ena musungitse kwa mbale wokhala kumtunda.

Amene ali ndi mafunso apite ku ofesi ya Imigireshoni pa Marka kapena ku Blantyre, kapena alembere ofesi ya Kazembe wa dziko limene afuna kupitako. Kufunsa ndi kwaulere. Kuona maso a nkhono ndi kudekha: miyezi 12 yokonza mapepala ndi yaifupi poyerekeza ndi zaka 5 zoletsedwa pa chipata.